Shuga wa Odzazonda

Achemwali anga aakulu amakhala ku Njombwa, ndipo chimwalirireni amuna awo ankalima okha fodya wa bale. Chaka china, m'nyengo yosankha fodya, anayamba kufooka. Ludzu silinkatha, ankataya madzi pafupipafupi, ndipo thupi linkachepa ngakhale ankadya bwino. Ndinawatengera kuboma, kumene ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Dokotala anawapatsa mankhwala n'kuwachenjeza mosapita m'mbali kuti shuga akapitiriza kukwera, maso adzawonongeka. Kwa mlimi wa fodya chenjezo limeneli n'loopsa, chifukwa tsamba limasankhidwa poona mtundu wake.

Kwathu munthu sapita kukazonda wodwala chimanjamanja. Mwambowu sindiunyoza. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mphatso ya wodwala imakhala imodzimodzi, kaya akudwala malungo, kaya wathyoka mwendo: botolo la sikwashi, paketi ya shuga ndi mabanzi.

Loweruka lina ndinapeza amayi a kumpingo atadzaza pakhonde la achemwali. Mtsogoleri wawo, mayi wa mawu aakulu, anali atasungunula kale sikwashi m'jagi, akuthira m'kapu ya achemwali.

"Pepani amayi," ndinatero nditapereka moni, "chimenecho sayenera kumwa."

"Iii, aphunzitsi, sukulu yafika pakhonde?" anayankha mtsogoleriyo. "Munthu wafooka chonchi, mphamvu azitenga kuti? Si inu nomwe mumauza ana athu kuti shuga ndiye amapatsa mphamvu?"

Vuto linali lakuti sankanama. Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Chakudya chikagayika, shuga amalowa m'magazi, magazi n'kumufikitsa ku maselo. M'kati mwa selo shugayo amaphwanyidwa pang'onopang'ono mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni umene timakoka popuma. Pamenepo m'pamene pamatuluka mphamvu yonyamulira khasu, komanso madzi ndi mpweya woipa umene timatulutsa. Koma kuti shuga alowe m'maselo ambiri a thupi, pamafunika insulini, imene imatsekula khomo. Mwa achemwali khomolo silinkatsekuka bwino. Shuga ankangodzaza m'magazi, maselo ali ndi njala, ndipo shuga wotsalirayo ankawononga timitsempha tating'ono, makamaka ta m'maso.

Ndinayesa kuwafotokozera ndi chinthu chimene onse amachidziwa: balani, nyumba youmitsiramo fodya ndi moto. "Amayi, mukaunjika nkhuni pakhomo pa ng'anjo ya balani, khomo lili lotseka, fodya angapse? Mukawonjezera ngolo ina, mwathandiza chiyani?"

"Tamvani anzanga, mnzathuyu wasanduka balani!" anatero mtsogoleriyo, ndipo khonde lonse linafa nacho chiseko. Kenako nkhope yake inasintha. "Ndiye mukuti tibwerere nazo? Izi tazipempherera kale, bambo. Kapena mukuganiza kuti taikamo kanthu?"

Funso limeneli ndi msampha. Aliyense wokulira kwathu amadziwa kuti kukana chakudya cha mnzako n'kumuyesa mfiti. Achemwali anandiyang'ana mondipempha.

"Achimwene, musandichititse manyazi. Anthuwa ayenda mtunda wautali. Inu mubwerera kuboma, ine nditsala nawo."

Anamwa kapu yonse, amayiwo akuwalimbikitsa kuti amalize.

Ndakhala ndikuisinkhasinkha nkhaniyi, ndipo sindivomereza kuti chinalakwika chinali umbuli. Amayi amenewa amadziwa kuti feteleza akachuluka panazale amawotcha mbande. Akanatha kumvetsa kuti chinthu chabwino chikapyola muyeso chimapweteka. Anamva zimene ndinanena, koma anaona kuti ulemu wa wobweretsa mphatso ndi waukulu kuposa thupi la woilandira. Wodwala ndiye anayenera kusamala mitima ya anthu athanzi. Ndinapempha kuti azibwera ndi mazira, mtedza kapena ndiwo zamasamba. Ena anamva, koma ambiri ankati zimenezo ndi zapakhomo, sizioneka ngati mphatso. Magulu ankasinthana: a kumpingo, akuchimuna, anzawo a kukalabu ya fodya, ndipo gulu lililonse linkafuna kuona ndi maso awo wodwala akulawa. Mankhwala ankamwa mokhulupirika, koma sakanatha kulimbana ndi mudzi wonse.

Patapita zaka zingapo, maso anayamba kuchita nkhungu. Mabelo awo anayamba kubwezedwa kuokushoni chifukwa chosakaniza masamba a mitundu yosiyana, chinthu chimene sichinawachitikirepo chiyambireni kulima. Dokotala wa maso anati zimene zawonongeka sizingabwerere, chotsala n'kuteteza pang'ono pamene patsala. Chaka chatha munda wa fodya anaubwereketsa kwa mlamu wawo, ndipo chigafa chinagwa ndi mvula yoyamba popanda wochikonza. Pamudzi amati ndi chifuniro cha Mulungu. Ndikamva mawu amenewa ndimanyamuka n'kuchokapo, chifukwa ndimawadziwa manja amene ankagwira jagi, ndipo Mulungu sanatume aliyense kugolosale.