Kampeni Konoledwa Chakumanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kapena zitatu, ankawerenga ndani, pamene ndinapeza mpeni wangawanga. Lero ndine gogo, mano atsala owerengeka, zidzukulu bwalo lonse, koma ndikakumbuka kampeni kaja mtima umavina, umavina ngati wa namwali. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundilole ndilembe mmene ndimayankhulira.

Kwathu ndi ku Chia, mpunga uku, chinangwa uku, nsomba pakati. Kumeneko mkazi ndi mpeni, mpeni ndi mkazi. Kusenda chinangwa chokaviika, mpeni. Kutumbula chambo, mpeni. Kudula mlaza wolukira mkeka, kusenda luzi, kuchotsa munga kuphazi, mpeni womwewo. Wa amayi anga sunkachoka m'chiuno, ankaumasula pokhapokha polowa m'tchalitchi.

Koma ine ndinabadwa wamanzere, ndipo masiku amenewo mwana wamanzere ankachititsa manyazi amake. Dzanja lamanzere linali ndi ntchito yake imodzi, ija sititchula pa anthu. Ndikalitambasula kuti ndilandire kanthu, amayi ndi kamtengo khwapu. Ndikagwira nalo chikho, khwapu. Tsiku lina anachita kulimanga kumbuyo ndi kansalu kuyambira m'mawa mpaka masana. Sankadana nane, ayi. Ankati, "Marita, ukadzapita kubanja apongozi adzati analeredwa ndi ndani? Wotukwanidwa ndidzakhala ine." Ndiye ndinaphunzira kudya ndi lamanja, moni ndi lamanja, tsache ndi lamanja. Zonsezo zinatheka. Mpeni wokha ndiwo unakana.

Ndikasenda chinangwa ndi lamanja, theka la chinangwa linkapita ndi makoko. Ndikabisala kuseri kwa khola n'kugwira ndi lamanzere, mpeni wa amayi unkaterereka n'kudzandicheka chala. Uku kulephera, uko kulephera. Anzanga anandipatsa dzina, Nachiwononga.

Tsono panali azakhali anga a Dorika, alongo awo a bambo. Mvula ikamasiya iwo ankapita kumsasa kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, nthawi imene mpasa ndi sanjika zimakwera mtsinje. Asodzi akabwera nazo, ntchito ya akazi inali kung'amba ndi kuwamba. Chaka ndi chaka azakhali ankatenga atsikana awiri kapena atatu a pamtundu pathu. Wopita ku Bua ankabwerako masaya atadzaza, chitenje chatsopano m'chiuno, mtanga wake wa nsomba zowamba pamutu, ndipo kuyambira pamenepo palibe ankamutumanso ngati mwana. Wotsala ankatsala ndi tiana ta mamina, kuingitsa mbalame m'mpunga, aa, aa, kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa. Ine ndinali nditaingitsa kale zaka ziwiri zoonjezera, a msinkhu wanga onse atapita.

Azakhali anali ndi malamulo awiri. Loyamba, aliyense abwere ndi mpeni wake, chifukwa mpeni wobwereka ndiwo umayambitsa ndewu pamsasa. Lachiwiri, asananyamuke ankaika beseni la nsomba pabwalo, mtsikana ang'ambe akazi onse akuona. "Nsomba ya msodzi si yophunzirirapo," ankatero. "Ukaiwononga, wawononga thukuta la mwini."

Chaka chimenecho anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Loweruka likubwerali, iwe. Ukalephera usadandaule, mbalame zinakuzolowera kale."

Lachitatu amayi anathira mpunga m'kathumba, anandisenzetsa, ulendo kwa a Hamisi. A Hamisi anali a fundi osula zitsulo, Asilamu, okhala m'mbali mwa njira yopita kuboma. Ife tinali a Angilikani, koma khasu lililonse la kwathu linadutsa m'manja mwawo. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango, kofiya yoyera pamutu, yoyera pakati pa makala onsewo, sindidziwa ankatha bwanji. Chipala chinali chikufuka pang'onopang'ono, fungo la chitsulo chopsa lili ponseponse. Mipeni anaiyala pamkeka, ikuluikulu uku, ing'onoing'ono uku.

"Amake Marita, khasu lija mwathyolanso? Inu mumalima kapena mumamenyana ndi nthaka?"

"Khasu lili bwino, a fundi. Lero ndi mpeni wa mwanayu. Akufuna ku Bua."

"Asankhe yekha. Mpeni sasankhirana."

Maso anga anagwera pa wina wopinda, wa kusitolo, wonyezimira waliwali, chogwirira chofiira ngati phwetekere. Unali wa munthu wina amene anaubweretsa kuti aukonze. Ndinaloza womwewo. A Hamisi anautsegula n'kundiyandikizira pamphuno.

"Nunkhiza."

Mayo ine, nsomba ya chaka chatha inali idakali momwemo.

"Apa pamene umapindikira ndi pamene mamba ndi magazi zimabisala, madzi safikapo, dzimbiri n'kumanga nyumba. Ndipo tsiku lina ukukanikiza pamutu pa kampango udzapindika wokha, chala chili pomwepo. Umenewu ndi wa akalaliki, wosongolera pensulo."

Ndiye ndinaloza waukulu, wautali ngati mkono wanga, poganiza kuti waukulu ndiwo ugwira ntchito yaikulu.

"Ukukapha ng'ona?" anafunsa, amayi n'kuseka. "Uyenda nawo bwanji m'chiuno? Ukawerama ukubaya ntchafu, ukakubaya uusiya pansi, ukausiya pansi wapita ndi wina. Mpeni wabwino ndi umene uli pathupi pako nthawi imene waufuna. Bwera nacho chikhatho."

Anayamba kundiika timipeni pachikhatho, kamodzikamodzi. Ankafuna kamene chitsulo chake chikulingana ndi chikhatho changa, osapitirira, ndipo chogwirira chidzaze nkhonya. Anandionetsa mmene chitsulo chinalowera m'mtengo mpaka kukatulukira kumapeto, timisomali tiwiri titachigwira. "Ukamagula mpeni uzigwedeza apa. Ukamva khwekhwe, usiye, ngakhale akupatse ulere." Chogwirira sankachisalaza kwambiri, ati dzanja logwira nsomba limaterera, lipeze pokakamira.

Ali mkati moyesa choncho, anaika timipeni pansi. Anatembenuza dzanja langa lamanja, anatenganso lamanzere, n'kumayang'ana zala ngati akuwerenga kalata.

"Amake Marita, akazi anga akhala akukufunsani. Ali kuseriko akupeta mpunga, takawaoneni pang'ono."

Amayi atazungulira nyumba, a Hamisi anatsitsa mawu.

"Wogwira mpeni ndi lamanja, zipsera zimakhala kulamanzere. Iwe uli nazo konsekonse. Izi za kulamanja unadzicheka uli wekha, eti?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinati basi andineneza.

"Tamvera. Mipeni yanga ndimanola mbali imodzi, kuti chitsulo chiziyenda chogona pa minga ya nsomba. Wa amako ndinasula ndine, ndinaunolera dzanja lamanja. Ukaugwira ndi lamanzere umathawa nsomba n'kufuna chala. Iwe si wopusa. Wakhala ukugwira mpeni wa eni."

Mawu amenewo, abale, mawu amenewo. Zaka zonsezi ndimawang'ung'udzabe ndikamatsuka mbale. Iwe si wopusa, iwe si wopusa, ndi mpeni wa eni.

Anatenga kampeni kamene kanali kasananoledwe, ka msinkhu wa chikhatho changa, anadonthezera madzi pamwala wonolera, ndiye swee, swee, swee, mbali inayo. Amayi pobwera anapeza akunolabe, ndipo amayi mpeni ankaudziwa. Anaima pomwepo.

"A fundi, mwatembenuza."

"Ndikunolera mwini wake."

"Ine mwanayu ndavutika naye kumuwongola. Inu mukufuna mumupindenso tsiku limodzi?"

"Mayi, ine ndine Msilamu. Ntchito ya dzanja lamanzere ndimaidziwa kuposa inu a kutchalitchi. Adye ndi lamanja, alandire ndi lamanja, moni ndi lamanja. Koma mpeni sapita nawo kukamwa."

A Hamisi anadzuka, anakatenga zinangwa ziwiri kwa akazi awo. Choyamba anati ndisende ndi mpeni wa amayi, dzanja lamanja. Ndinasenda monga mwa masiku onse, kusema m'malo mosenda. Chachiwiri anandipatsa kampeni kaja m'dzanja lamanzere. Ndinayang'ana amayi, amayi anayang'ana kumbali. Ndinalowetsa nsonga pansi pa khoko, khoko n'kumangovuka lokha, kuvuka, kuvuka, chinangwa n'kutsala choyera, chathunthu, chosalala ngati mwendo wa khanda.

Amayi anali munthu wodana ndi kuwononga chakudya kuposa chilichonse. Anawerama, anatola makoko a mbali ziwirizo, awa onenepa ndi chinangwa, awa opyapyala ngati masamba. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Tikatenga," anatero. "Koma uzikagwiritsa ntchito kuseri. Pa anthu ayi."

A Hamisi anakasokera chimake cha chikopa cha mbuzi, ndi chingwe chomangira m'chiuno. Anati ndikatha ntchito ndizitsuka, kupukuta, n'kubwezera m'chimake, ndisakagoneke konyowa. Tinasiya mpunga, tinatsazika. Ndinayenda njira yonse kampeni kakundigunda pantchafu, ine n'kumadumphadumpha kuti kagundenso. Titayandikira kumudzi m'pamene zinandifikira m'mutu. Mayeso a azakhali anali a pa anthu.

Loweruka m'mawa bwalo la azakhali linadzaza. Akazi anakhala pamikeka miyendo atatambasula, ena akuyamwitsa, ena akusenda mtedza, beseni la chambo lili pakati, ntchentche zikuzungulira. Tinali atsikana atatu. Awiri anang'amba zawo bwinobwino, azakhali anangogwedeza mutu. Inafika nthawi yanga. Ndinagwada pa thabwa, ndinasolola kampeni. Amayi anakhala kumbuyo kwanga, ndinkawamva kupuma.

Ndinagwira ndi lamanja, monga anandiuzira. Tsono kampeni konoledwa chakumanzere m'dzanja lamanja, mukudziwa kale. Kanalowa mokhota, kanasiya nyama theka pa minga, kenako kanaboola ndulu. Chambo chonse chinabiriwira m'kati.

"Nachiwononga wafika," anatero wina, kuseka n'kufalikira mikeka yonse.

Azakhali anainyamula ndi zala ziwiri. "Imeneyi udya wekha ndi ndulu yakeyo. Tenga yachiwiri. Yachitatu kulibe."

Ndinatenga yachiwiri, maso atadzaza madzi moti nsomba ndinkaiona ziwiri. Ndinaika kampeni pamsana pake, dzanja lomwelo lamanja. Ndiye kumbuyo kwanga ndinamva mawu a amayi, osakweza, ngati munthu wopempha mchere.

"Marita, gwira ndi dzanja lako."

Mayi wina wachikulire, woimba nawo kwaya ndi amayi, anasiya mtedza wake.

"Amake Marita, mwana wamanzere pa anthu chonchi?"

"Ndinam'bala ndine, ndipo anabwera ndi manja awiri. Ang'ambe."

Kampeni kanapita kumanzere ngati mwana wobwerera kumsana kwa amake. Ndinalowetsa kuseri kwa mutu, tsee, kutsata minga, kutsata minga mpaka kumchira. Nsomba inatseguka ngati buku la nyimbo, matumbo kunja, ndulu yathunthu ili apo. Azakhali anaitenga, anaitembenuza uku ndi uku, anayendetsa chala pa minga kufuna nyama yotsalira, sanaipeze. Anangokankhira beseni lonse kwa ine ndi phazi. Ndinang'amba, ndinang'amba, ndinang'amba, mpaka m'beseni munatsala madzi ndi mamba.

"Lolemba m'mamawa," anatero azakhali. "Utenge mkeka ndi chofunda. Koma pamsasa uzikakhala kumapeto kwa mzere, chigongono chakocho chingatichotse maso."

Ndinapita ku Bua chaka chimenecho, ndi chinacho, ndi chinacho. Kampeni kaja ndinayenda nako kumunda, kudambo, kubanja komwe, kanadula michombo ya mbuzi ndi zingwe za machira ogonekamo ana, kanatha ndi kunola mpaka kanatsala ngati tsamba la nsungwi. Masiku ano pamsika mipeni ili mbwee, yochokera kutali, yowala ngati galasi. Ine ndikafuna wina ndimauyesa pachikhatho, ndimaugwedeza pafupi ndi khutu, ndimayang'ana mbali imene anaunola. Ogulitsa amaseka, ati gogo mukugula ndege kodi. Asiyeni aseke, ine ndi amene ndikaugwire.

Kwa zaka zambiri ndinkati amene anandipititsa ku Bua ndi a Hamisi, ndipo Mulungu awagoneke pabwino, maso awo anaona zimene ena sanaone. Koma nditabala anga, nditalawa mmene pakamwa pa akazi anzako pamaotchera, m'pamene ndinadziwa amene ananyamula cholemera tsiku lija. A fundi ananola chitsulo kwawo, palibe anawaseka. Amayi anali atauza mudzi wonse kuti mwana wawo anamuwongola, ndipo anameza mawu awo pamaso pa anzawo onse kuti nsomba yachiwiri ija isawonongeke. Akazi aja anawanena chaka chathunthu, kumunda, kumadzi, ngakhale pa khomo la tchalitchi. Amayi sanandiuze ngakhale tsiku limodzi. Ndinachita kumva kwa azakhali, titangochokera kumene kokawaika amayi kumanda.