Filimu ija ya kuvidiyo ku Ndirande

Mwaswera bwanji nonse.

Masana ano ndinakameta ku Bangwe, ndipo wometa anali ataika filimu ija ya anyamata ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, yomwe ine ndi malemu achimwene tinkaonera kuvidiyo ku Ndirande.

Ndinaiwala kuti ndili pampando. Ndinamvanso kutentha kwa m'kachipinda kaja, titapanikizana pa benchi, dzuwa likulowera m'mabowo a malata.

Mfuti zake tsopano zikuoneka ngati zoseweretsa ana. Koma pali pena pamene mayi wa mnyamata wophedwa akupinda malaya a mwana wakeyo. Kale mayi aja sindinkawaona n'komwe. Ife maso anali pa jekete lachikopa la bwana wa gululo, mpaka achimwene anakasaka lotero pa kaunjika, n'kuyamba kuyenda ngati iyeyo.

Wometa anachita kundigwedeza. “Bambo, mwagona kodi? Ndamaliza kalekale.”

Wometayo wandiikira filimuyo pa fulashi. Mukudziwa kuti Chiko, mwana wa achimwenewo, wayamba kucheza ndi anyamata achamba akumtsinje. Ndimafuna ndionere naye Loweruka, koma ndikuopa kuti pa msinkhu wake adzaona zomwe tinkaona ife.

Alamu, mwanayo ndi wanu. Ndimuonetse?