Ngolo Imene Ndinaibweza

Mpaka lero ndikamva fungo la chovala chonyowa chikuuma pa hita, mtima wanga umabwerera ku Hull, m'kanyumba kathu ka pamwamba pa shopu ya nsomba ndi tchipisi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chinali chisanu changa choyamba ku England. Yunifolomu ya amayi inkayanikidwa pansi pa zenera, madzi akudonthera pa nyuzipepala, fungo la sopo likusakanikirana ndi la mafuta okazingira lochokera kunsi. Mbalame zoyera za kudoko zinkalira padenga ngati makanda anjala. Poweruka kusukulu tinkapeza magetsi a mumsewu atayaka kale.

Tinali awiri basi, amayi ndi ine. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi atapeza ntchito ya unesi kuchipatala cha boma kuno, anakhala chaka chathunthu okha asanandiitanitse kuchokera ku Dedza. Kusukulu sindinkalankhula. Ndinkamva zonse zimene aphunzitsi ankanena, mayankho ndinkawadziwa, koma mawu ankafika pakhosi n'kukhala pompo. Zonse zimene sindinanene masana ndinkazilemba m'kope langa ndikafika kunyumba. Tsiku lina aphunzitsi anatumiza kalata yonena kuti mwana wanu ndi wanzeru, koma chibwerereni sitinamve mawu ake. Amayi anaiwerenga kawiri, anaipinda, naiika m'Baibulo.

Chimene chinkatikhazika pamodzi chinali sewero la pa TV la Loweruka masana. Linali lakale, la banja lina la ku America wamakedzana limene linasamuka pa ngolo ya akavalo kukayamba mudzi kuthengo. Ankagwetsa mitengo, kukumba chitsime, kusoka zovala ndi manja. Amayi ankakhala pa sofa atakwinya miyendo mu chitenje, kapu ya tiyi m'manja, akupukusa mutu.

"Kani azungu nawonso anatungapo madzi pachitsime?" ankatero, ine n'kuseka m'bulangete.

Mu Febuluwale analengeza kuti sewerolo litsekedwa ndi mafilimu atatu aatali, Loweruka zitatu zotsatizana. Sabata yomweyo ndandanda ya mashifiti inatuluka, ndipo amayi anawaika masana a Loweruka mwezi wonse. Makina ojambulira tinalibe. Amayi anabwera ndi kope lina latsopano, lachikuto chobiriwira, nandipatsa pamodzi ndi bolopeni.

"Iwe ndiye wolemba m'nyumba muno," anatero. "Uzindilembera zonse, osasiya kanthu. Ndiziwerenga m'basi."

Loweruka ankabwera kudzakhala nane anali Anti Tisa, a ku Zambia, amene tinkapemphera nawo ndipo ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Ankafika atatopa, kuvula nsapato, kusanjika mapazi pa mpando, ndipo nyimbo yoyamba isanathe anali atayamba kuliza mkonono. Mufilimu yoyamba moto unagwira khola, kavalo wokalamba amene anakoka ngolo ulendo wonse uja n'kufa. Ndinalira mpaka kusisima. Anti anadzidzimuka, nandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Manje iwe ulila chani? Ni filimu chabe iyi! Wayewa kumunzi, ka?"

Sindinayankhe funso lawolo, lakuti kodi ndakusowa kumudzi, ndipo iwo anatenga kukhala chete kwanga ngati yankho. Amayi atabwera ndinamva Anti akuwanong'oneza pakhomo kuti mwanayu akuvutika, akungolira, mtima wake uli kwawo.

Mawa lake titachoka kutchalitchi, amayi anapala khadi ya foni ndi kobiri naimbira malume ku Dedza. Malume ndiwo anali mwini mbumba kwathu. Ndiwo anatisunga bambo atamwalira, ndipo nkhani iliyonse yokhudza ana a alongo awo inkathera pakamwa pawo. Ndinali kukhitchini ndikutsuka makapu, koma khoma la nyumba ija linali ngati pepala. Ndinamva amayi akufotokoza za kalata ya aphunzitsi, za kulira kwanga, kenaka anayamba kumvetsera malume. Pambuyo pake ankangoti, "Ndamva achimwene. Chabwino achimwene. Teremu ikatha, pa Pasaka." Ndinatseka mpopi ndipo ndinamvetsa zonse. Andibweza ku Malawi, kusukulu yogonera konko, amayi n'kutsala kuno.

Palibe anandifunsa, ndipo sindinadabwe, chifukwa kwathu mwana safunsidwa nkhani za akuluakulu. Koma ine sindinkafuna kupita. Chaka chija chopanda amayi ndinkachidziwa kukoma kwake: kudikira foni Lamlungu, kumva mawu awo akudukaduka ngati akulankhulira pansi pa madzi. Komanso Hull uja, ndi mphepo yake yonse, anali atayamba kundizolowera. Panali laibulale pafupi ndi siteji ya basi, yofunda, kumene munthu wosalankhula ankaoneka waulemu. Panali Hollie, mtsikana wa tsitsi lofiira, amene ankandisungira mpando nthawi ya chakudya n'kumalongolola yekha osafuna kuti ndimuyankhe. Zonsezi zinali m'kope langa lakale, pansi pa matiresi. Kangapo ndinaima pakhomo la chipinda cha amayi nditakonzeka kunena, iwo n'kutembenuka kuti, "N'chiyani Tiya?" Ine n'kuti, "Palibe."

Filimu yachiwiri inali ya ukwati wa mwana woyamba, ndipo ndinailemba mokhulupirika, masamba asanu ndi limodzi, mpaka mtundu wa maluwa a pachipewa. Amayi anabweza kope atalemba m'mphepete ndi bolopeni yofiira ya kuntchito: "Mkamwini ameneyu sindikumukhulupirira." Pena: "Kalanga ine!" Ndinawerenga timawu timeneto kambirimbiri. Masiku omwewo sutikesi yaikulu inatsika pamwamba pa wadilopu, ndipo amayi anayamba kuikamo masokosi atsopano ndi sopo, kamodzikamodzi, ndikakhala kusukulu.

Loweruka lomaliza kunagwa mvula ya mawawa, yosamveka padenga. Anti Tisa anagona monga mwa nthawi zonse. Mufilimu muja munagwa chilala, mbewu zinauma, ndipo panabwera kalata yochokera kwa azakhali a m'tauni yoti awatumizire mwana womaliza, mtsikana wa msinkhu wanga, akamuphunzitse. Makolo anakambirana pakhonde navomera. Anamusokera diresi, anamukweza pa ngolo, onse anaima pachipata akugwedeza manja. Ngolo inaoloka mlatho, inachepa, inasanduka kadontho. Nyimbo inalira, mayina anayamba kukwera, ndipo sewero la zaka zonse zija linathera pamenepo.

Ndinakhala pa kapeti, kope pa maondo. Ndinalemba za chilala, za kalata, za diresi, zonse monga zinachitikira. Nditafika pa mlatho dzanja linaima. Kenaka linapitiriza lokha. Ndinalemba kuti mtsikana uja anagwira mkono wa woyendetsa ngolo, anatsika, nathamanga kubwerera, nsapato zili m'manja. Ndinalemba kuti mayi ake anamuchingamira pakati pa msewu nanena kuti njala tiimva limodzi, pano sachoka munthu. Ndinawonjezera kuti madzulo ake mvula inagwa. Chibadwire ndinali ndisanawanamizepo amayi. Koma panalibe mboni, Anti anali kutulo, ndipo filimu siibwerezedwa. Amayi atabwera, ndinaika kope m'chikwama chawo.

Analiwerenga m'mawa wa Lamlungu m'basi yopita kutchalitchi, ine ndili pambali pawo. Ndinayang'ana pazenera njira yonse, ndikuwerenga nyumba za njerwa zofiira, makutu ali pa masamba amene ankatembenuzidwa. Atafika kumapeto anakhala nthawi yaitali pa tsamba limodzi. Anatseka kope, analibwezera m'chikwama. Mapemphero a tsiku limenelo sindikukumbukapo ngakhale nyimbo imodzi.

Masana anandiitana kuti andiluke tsitsi la sabata. Ndinakhala pa pilo pakati pa miyendo yawo, mutu utawerama, chipeso chikugawa mizere, mafuta ozizira akutsata pambuyo. Anamaliza mizere itatu.

"Dzulo ku wodi kunali gogo wina," anayamba, mawu ali pansi. "Anandiumiriza kuti ndimukankhire kuchipinda cha TV. Akuti sewero limeneli anayamba kuonera ana ake ali aang'ono, sangafe osaona mathero. Ndinakhala naye mpaka mayina atakwera."

Chipeso chinagawa mzere wina.

"Ngolo ija siinabwerere, Tiyamike."

Ndinadikira khofi, kapena mawu aja a mwana wabodza. Zala zawo zinapitiriza kuluka.

"Tandiuza. Mtsikana wako uja anatsikiranji?"

Mwina chinandithandiza n'chakuti sindinkawaona nkhope. Ndinkayang'ana zala zanga za kumapazi, ndipo mawu anatuluka aang'ono. "Sankafuna kupita."

"Nanga osanena bwanji?"

"Sanamufunse."

Manja awo anaima pamutu panga, ofunda, olemera. Ndinamva akukoka mpweya ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kenaka anamaliza mzere umene anauyamba, chifukwa amayi sankasiya ntchito pakati, napita kukatenga foni.

Ulendo uno sindinabisale kukhitchini. Analankhula ali chiimire, dzanja lina litagwira chitenje. Anayamba ndi moni wautali, za mvula, za chimanga, za alamu awo. Kenaka anati, "Achimwene, ndapota nanu, mundikhululukire. Mwana uja akhala konkuno." Mawu a malume ankamveka mpaka pamene ndinakhala, ngati njuchi m'botolo. Amayi ankangoti, "Ndamva achimwene. N'zoona achimwene." Koma malume akangopuma, amayi ankabwereza mawu omwe aja, osakweza, osatsitsa: "Akhala konkuno." Mphindi za khadi zinatha malume asanamalize. Amayi anaika foni pansi, anandiyang'ana ndi tsitsi langa lolukidwa mbali imodzi, nati, "Bwera tidzamalize, ungapite kusukulu ngati nkhuku yonyowa."

Sindinayambe kulankhula mawa lake. Zinatenga mpaka maluwa achikasu atatuluka m'mphepete mwa msewu, pamene tsiku lina Hollie anandifunsa za tsitsi langa ndipo ndinamuyankha ndisanaganize. Iye anangopitiriza kudya ngati palibe chachitika. Malume anakhala miyezi ingapo akupereka foni kwa alamu amayi akaimba, koma pofika Khirisimasi anafunsa okha kuti mwana uja ali bwanji.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti ndinapambana ndi bolopeni, kuti ndinawasintha maganizo amayi ndi masamba awiri a bodza. Ndinkadziona wochenjera. Panopa ndadutsa msinkhu umene iwo anali nawo chaka chija, ndipo ndikudziwa tanthauzo la mlongo wamng'ono kukaniza mchimwene amene anamusunga pa umasiye. Ndikudziwanso kuti panalibe maganizo oti ndiwasinthe. Ankaganiza kuti anandilakwira pondibweretsa kuchisanu, ndipo anali okonzeka kutsala okha m'kanyumba kaja kuti ine ndipeze bwino. Tonse awiri tinkafuna chinthu chimodzi, m'nyumba imodzi, aliyense ali chete poopa kupweteka mnzake.