Tinapeza Nyanja Itachokapo

Tinanyamuka pa Chiringa Lachisanu, sikisi koloko m'mawa, ine ndi bambo anga, aliyense pa kabaza wake wa njinga yamoto. Bambo apha matemba pa Chirwa moyo wawo wonse, koma maso awo akuzima, ndipo kuchipatala anatiuza mosabisa kuti sabwerera. Ndiye tsiku lina anangoti, "Elube, ndikufuna ndikaione nyanja ya mchere ija ankanena agogo ako, kusanade." Ine ndine mphunzitsi, Lolemba ndimafunika m'kalasi. Tinali ndi Loweruka lokha loonera nyanjayo, basi.

Msewu wa ku Muloza, abale inu, ndi wosula msana. Akabaza anatidula teni sauzande aliyense, fumbi n'kutipatsa laulere. Phiri la Mulanje linatiperekeza kudzanja lamanja mpaka pa boda. Tinadinditsa mapepala, n'kuwolokera ku Milange, komwe tinasintha makwacha kukhala metikashi.

Ku Mozambique minibasi amaitcha chapa, koma kupanikiza anthu ndi komwekuja kwa kwathu. Bambo anakhala pafupi ndi mwamuna wina wonyamula matumba a nyemba. Anamupatsa moni m'Chilomwe, "Mosheliwa," uja n'kuyankha. Basi, chibale chapsa! Bambo anamasula kalongonda yemwe ndinawaphikira kuti adye masiku awiri, n'kugawira mpando wonse. Tisanafike pakati pa ulendo, m'kontena munali mbee.

Cha m'ma wani koloko tinadutsa pa mlatho wautali ku Mocuba. Bambo anasuzumira pawindo, ataona kunyezimira. "Ndi imeneyi?"

"Ayi bambo, uwu ndi mtsinje chabe."

"Ndimakuyesa," anatero. Bodza!

Pa Nicoadala tinagula chinanazi chachikulu ngati mutu wa mwana, ndipo tinalowa m'Quelimane dzuwa litapendeka. Mzinda umenewu ndi wa njinga zakapalasa ndi mitengo ya kokonati, kotentha ngati m'khitchini. Tinadya mpunga wophikira kokonati ndi nsomba yootcha, bambo akudandaula kuti ilibe kukoma kwa mlamba, koma anasiya minga yokhayokha. Tinagona pa resitihausi pafupi ndi msika.

Loweruka tinakwera chapa ina ya ku Zalala, kamudzi ka asodzi komwe msewu umathera. Tinatsika itangokwana teni koloko. Ndinawagwira dzanja, tinadutsa m'mitengo, n'kutulukira pagombe.

Mayo ine! Mchenga wonyowa wokhawokha mpaka kutali, mabwato atagona chammbali pouma. Madzi ndinkawaona ine, kutali uko ngati kamzere ka choko. Bambo sankaona kanthu. Anawerama, n'kugwira pansi, n'kununkhiza zala.

"Yaphwa," anatero.

"Bambo, madzi alipo, ali uko. Tiyeni tiyende."

"Iwe, ine ndaona Chirwa ikuphwa kangapo. Imayamba chonchi, mabwato pamtunda. Ndipo pouma pa nyanja sapondapo, thope lake limameza munthu mpaka m'chiuno. Tachedwa, mwana wanga. Tiye kwathu."

Anakhala pansi pa mtengo, chipewa pa bondo. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinaponda ndekha mchengawo kuti amve kulimba kwake, koma anakana kwamtuwagalu. Ndinene zoona, nanenso ndinataya mtima. Jogalafe ndinaphunzira ndithu, za madzi okwera ndi kutsika ndinalembapo mayeso, koma kuona mabwato ali pouma mutu wanga unathawira ku Chirwa. Misozi inalengeza, mkwiyo ndi chisoni pamodzi.

Mayi wina wogulitsa kokonati wauwisi anatiyang'ana nthawi yonseyo. Anafunsa chavuta n'chiyani, m'chiyankhulo chakwawo chosakaniza ndi Chipwitikizi, chimene bambo ankatolako pang'ono chifukwa cha Chilomwe. Atamufotokozera, mayi uja anaseka mpaka chikwanje chinamugwa m'manja. Anaitana anzake awiri, nawonso n'kugwa nacho chikhakhali.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti nyanja yangopita kokayenda. Ibwera masana."

"Ndiye mwamva?"

"Aaa, akufuna tigule kokonati ameneyu. Chirwa ikachoka imatha chaka."

Tinagula ndithu, awiri. Mayi uja anazika kamtengo mumchenga patsogolo pathu, n'kuloza dzuwa, kutanthauza kuti tidikire. Podikirapo ndinaona zambiri. Tinkhanu toyera tothamanga chammbali, amayi akukumba nkhono ndi timipeni, asodzi akusoka makoka. Bambo atamva fungo la khoka anasendera okha, n'kupempha singano. Anasoka ndi zala zokha osayang'ana, asodziwo n'kumaitanizana kudzaona mfundo ya ku Chirwa. Anatiotchera nsomba zazitali ngati lamba, osalola kuti tilipire.

Itadutsa thu koloko, bambo anasiya singano. "Kukubwera mvula?"

Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Unali mkokomo wa madzi. Mabwato aja anayamba kudzuka limodzilimodzi, asodzi akuthamangira zingwe. Funde lina linafika pa kamtengo kaja, lachiwiri n'kukagwetsa.

Bambo anaimirira osafuna dzanja langa. Anayenda ndi nsapato zawo za kutchalitchi, thalauza osapinda, mpaka funde linawamenya m'mawondo. Anatunga madzi m'manja, n'kulawa, n'kulavula.

"Ndi mchere weniweni! Elube, zoyerazi ndikuziona! Zikubwera, zikusweka, ndikuziona!"

Anaseka ngati mwana, ine ndikulira poyera, amayi a kokonati akululutira. Tinakhala m'madzimo mpaka kondakitala wa chapa yomaliza anachita kutikuwira.

Tinafika pa Chiringa Lamulungu madzulo, miyendo itatupa, mchenga uli m'matumba. Ine ndinaphunzira kuti zolemba pa mayeso ndi zina, kuziona ndi zina. Anthu atabwera kudzatilonjera anafunsa bambo ngati anaionadi nyanjayo.

"Ndaiona ndi maso anga omwewa," anatero. "Tsopano ngakhale kude. Koma ya kumeneko ndi nyanja yaulemu, inu. Ikachoka m'mawa, imabwerera tsiku lomwelo."