Batoni Yanga ya Kwaya

Mkazi wanga anamwalira asanatsirize kundilukira juzi. Ulusi wonse unatsalira pa singano imodzi, inzake ili padera. Ya paderayo ndinaipaka penti yoyera n'kuyamba kutsogolera nayo nyimbo mu kwaya yathu ya ku Kabwata. Abambo Mfumu ataiona anati pa Chingerezi kamtengo kotsogolera nyimbo n'batoni. Dzinalo ndinalikonda.

Loweruka lina tinaitanidwa kukaimba pa ukwati ku Kabulonga. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo pokwerera basi m'tauni panali anyamata a chipani ofunsa makadi. Khadi ndinali nalo. Koma mmodzi, wa kapusi kofiira, anaona kanthu kakusuzumira m'thumba la jekete yanga.

"Shani, ba mudala? Nanga aka n'kachani?"

"Batoni," ndinayankha.

Anaitana anzake. "Bwelani mumve! Ba mudala bayenda na batoni. Ndimwe ba kapokola?"

"Ayi, mwana wanga, sindine wapolisi. Iyi ndi yoimbitsira nyimbo kutchalitchi."

"Batoni ni iyi," anatero akugogoda chibonga chakuda chimene chinali m'chiuno mwake. "Iyi ndiye iimbitsa banthu. Imwe muli na chilolezo?"

Anzakewo anafa nacho chikhakhali. Ndinafotokoza mofatsa kuti mawuwo ndi amodzi koma zinthu zake n'zosiyana, kuti ngakhale kamtengo kamene ana a sukulu amapatsirana pothamanga kamatchedwa chimodzimodzi. Mnyamatayo anati ndikumuphunzitsa Chizungu pagulu. Ndinamuuza kuti n'singano ya malemu mkazi wanga. Anati ndasintha mawu, ndiye kuti pali chimene ndikubisa. Anaisolola, naibaya pa kapusi kake ngati nthenga, nandiuza kuti ndikaitenge ku ofesi ya chipani Lolemba.

Ku ofesiko ndinapita kangapo. Tsiku lina tcheyamani kunalibe, tsiku lina kiyi anapita naye wina. Potsiriza mlembi anandifunsa kuti ndikufuna chiyani kwenikweni. Nditati batoni, anati mabatoni onse ndi katundu wa Boma. Nditati singano, anati iwo sasunga za azimayi.

Mnyamata uja ndinamupempherera, ngakhale kuti pemphero lake linkatuluka movuta.

Amayi a m'kwaya anati, "Aphunzitsi, si muli nayo ina kunyumba? Ingopakani penti."

Madzulo ake ndinatsegula sutikesi. Singano inayo inali pomwe anaisiya, itagwira mzere wotsiriza umene manja ake analuka. Kuisolola, juzi yonse ikanayamba kumasuka. Ndinatseka sutikesiyo.

Kuyambira pamenepo ndimatsogolera nyimbo ndi dzanja lopanda kanthu, ndipo a besi amachedwa kulowa.