Magazi a Amuna Anga Atatsala ku Blantyre

Nditakhala pabanja zaka zingapo osaima, aliyense ku Chiromo anali atagamula kale kuti wosabereka ndine. Apongozi, amayi a amuna anga, anandimwetsa mizu yowawa mpaka lilime linachita dzanzi. Zitakanika, anayamba kunong'onezana ndi akwathu zoti mng'ono wanga adzalowe m'nyumba mwanga ngati mkazi wachiwiri. Mwanayo anali kusekondale, mutu wake wogwira bwino. Zimenezi zinandiwawa kuposa mizu ija.

Ine kuchipatala anali atandiyeza kale n'kupeza kuti ndili bwino, ndipo anati abwerenso bambowo. Amuna anga ndi msodzi, munthu wopalasa bwato pakati pa ng'ona osaphethira, koma jakisoni amamuopa ngati mwana. Ankati magazi a munthu sapatsidwa kwa alendo, sudziwa komwe akukathera. Ndinawaumiriza, ndinalira, ndinanyanyala kuphika, mpaka anavomera.

Ulendo usanafike anayamba kutafuna gondolosi m'mawa ndi madzulo. Nditafunsa, anati akukonzekera kuti akakhoze. Ankayesa ndi mayeso a kusukulu! Ku Blantyre adokotala atamva anamwetulira, n'kunena kuti muzu sungabise zomwe zili m'thupi. Anatenga mbewu yaumuna, n'kutenganso magazi m'timabotolo, akuti aone ngati thupi likupanga zonse zofunika kuti mbewuyo ikhwime. Anati tidzabwerenso.

Masiku odikirawo sindinkakhazikika. Ndikayamba kuwamba milamba ndinkaisiya ikupserera, ndili kumsewu kuyang'ana ma minibasi ngati zotsatirazo zibwera zokha. Kutentha kwa kwathu kuno ndinabadwa nako, koma mwezi umenewo kunkandikwiyitsa. Sindinkadziwa chopempherera. Akapezeka ali bwino, mng'ono wanga wasiya sukulu. Akapezeka ndi vuto, mwamuna amene ndimamukonda wasweka mtima.

Titabwerera, adokotala anafotokoza mofatsa kuti mbewu ndi yochepa kwambiri, ndipo magazi akusonyeza kuti ndi chibadwa, si matenda otengera kapena kulodzedwa. Anati mankhwala tingayese, koma sanalonjeze kanthu. Tinatsika mapiri kubwerera kuchigwa. Titadutsa pa Thabwa amuna anga anangoti ndisauze munthu.

Ndinasunga pakamwa, ngakhale mkati ndinkabwata. Tsiku lokambirana za mng'ono wanga linafika, akuluakulu a mbali zonse anakhala pamkeka, ine kumbuyo. Atafunsidwa maganizo, amuna anga anati: "Nkhabe, ayi, mwanayo musiyeni aphunzire. Ngakhale mubweretse akazi khumi, m'nyumba mwanga simulira khanda. Vuto lili mwa ine."

Ndinawanyadira, ndinawamveranso chisoni, ndipo ndinaganiza kuti basi, ndapuma.

M'mawa mwake apongozi anandipeza ndikutsuka mbale. Anakhala pafupi, n'kundithandiza kutsukuluza, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anayamba ndi kuyamikira kupirira kwanga. Kenako anatsitsa mawu, n'kunena kuti zotere sizinayambe lero, makolo anali ndi njira yake, ndipo mkulu wa amuna anga ali ndi ana asanu athanzi.

"Angobwera mwakachetechete, mwanangu," anatero. "Mwana akabadwa ndi wa m'nyumba muno. Amuna ako asadziwe n'komwe."

Ndinayang'ana kudooko. Amuna anga anali chiweramire kusoka ukonde, akuimba pang'onopang'ono, koyamba chichokereni ku Blantyre.