Mphuno Yanga ndi Njuchi za ku Chaneng

Ndiyambe ndatchula mboni, poti anthu amati nkhani zanga ndimathira mchere wambiri. Pali mayi wa Chitswana, mwini nyumba imene tinkachita lendi ku Tlhabane, mumzinda wa Rustenburg ku Joni. Pali anzanga awiri amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi, wina wa ku Thyolo wina wa ku Ntcheu, onse a maganyu a pamgodi. Pali madala wina wa kumudzi wa Chaneng kufupi ndi migodi, mtchona amene anasiya kalekale kulowa pansi pamgodi. Panalinso galu wa pabwalo, koma iyeyo anafa, mwina ndi zimene ankamva.

Chaka chimenecho mphuno yanga inatseka. Sindikunena chimfine chija chimabwera n'kutsanzika ngati mlendo waulemu. Fumbi la ku migodi linalowa, linayala mphasa kuseri kwa maso anga, n'kutchona. Mutu unkalemera ngati ndasenza thumba la simenti pachipumi. Fungo lililonse ndinaliiwala. Ndinkasamala maluwa panyumba ina ku Cashan, maluwa amene abwana ankaitanira alendo kudzanunkhiza, koma kwa ine anali ngati apulasitiki.

Choopsa chinali mkonono. Ine sindinaumvepo, koma mboni zimati malata ankanjenjemera, ndipo tsiku lina mayi aja anathamangitsira ana awo panja poganiza kuti mgodi waphulitsa miyala pansi pa nyumba.

Lamlungu lina wa ku Thyolo anandikhazika pansi.

"Achimwene, timakukondani," anatero. "Koma ife timalawirira kukanyamula zitsulo. Mwezi uno ukatha mphuno isanatseguke, mukapeze kwina kokalizira jenereta yanuyo."

Chipinda chotsika mtengo ku Tlhabane sichitoledwa ngati mango. Ndinapita kuchipatala, anandipatsa mapiritsi ndi zopopera m'mphuno, zinagwira masiku ochepa, kenako fumbi linabwerera ndi abale ake. Ndinadzifukiza masamba a bulugamu mpaka bulangeti linachira, ine ayi. Pamenepo ndinaganiza zimene Mmalawi aliyense amaganiza akadwala ku Joni, zoti mankhwala enieni anatsala kumudzi. Ndinaimbira mlongo wanga kuti anditumizire uchi wa m'nkhalango ya kwathu.

Uchi unabwera pa basi, m'chigubu cha mafuta ophikira chokulungidwa m'chitenje. Koma kuno katundu wa kumudzi sabisika. Dalaivala akauza munthu mmodzi, Rustenburg yense wamva. Ndipo chochokera kwathu munthu sadya yekha. Ukatero, tsiku lako likadzakwana, odzasonkherana kuti mtembo wako ukwere ulendo wa kumudzi adzakhala otanganidwa.

Anayamba kufika odzazonda matenda, aliyense supuni ili m'thumba. Ena anabwera ndi buledi wawo. Bambo wina amene ankandidutsa osapereka moni anandigwira pamphumi n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, mphwanga. Tione kaye ngati ndi weniweni." Anaona mobwerezabwereza, kuopa kulakwitsa. Pofika madzulo chigubu chinali chitatsukuluzidwa ndi tiyi. Alendo onse anapita kwawo akupuma bwino.

Mmodzi wa iwo, kaya ndi chisoni kaya kukhuta, anandiperekeza kwa madala aja a ku Chaneng, amene ankaweta njuchi m'mabokosi kuseri kwa nyumba. Anamvetsera nkhani yonse osaseka.

"Mwana wanga, matendawa unawatenga kuti?"

"Kuno ku Joni, bambo."

"Ndiye njuchi ya kwanu iwadziwa bwanji? Inalionapo fumbi la pulatinamu? Zangazi zimadya maluwa a fumbi lomwelo. Izi zili ndi mapepala."

Anandidulira malesa odontha uchi, phula lili lomwelo.

"Tafuna ngati chingamu, phulalo ulavule. Ndipo ku Tlhabane usapite nazo. Uzidyera pano, ine ndikuona. Anthu anu ndimawadziwa, ndinabadwa nawo."

Kuyambira pamenepo ndikaweruka ndinkakwera takisi kupita ku Chaneng kukatafuna phula pakhonde, madala atakhala pambali ngati mlonda. Mkonono unayamba kutsika, kuchoka pa jenereta kufika pa njinga yamoto, kenako mphaka. Masiku omwewo kunagwa mvula yoyamba imene inagoneka fumbi, ndipo ena amati inandichiza ndi mvulayo. Madala amati ndi njuchi. Ine sinditsutsana ndi munthu amene ali ndi asilikali ambiri chonchija kuseri kwa nyumba.

Mwezi uli pafupi kutha, ndikubwerera mu takisi, china chake chinaphulika kuseri kwa maso anga. Mpweya unalowa mpaka ndinaumva kuzizira m'zidendene. Dalaivala anaimitsa galimoto n'kutsika kukayang'ana matayala. Lero lino akhoza kuvomera, mukampeza.

Kunyumba ndinapeza anzanga ataphika tiyi, nkhope zili mwee.

"Achimwene, takambirana," anatero wa ku Thyolo. "Masiku ano mukugona ngati khanda. Khalani, muno ndi mwanu."

Ndinalowa, ndinakoka mpweya koyamba m'chipinda chimene ndinachimenyera nkhondo yonseyi. Anandilandira majombo a pamgodi, maovolosi amene sanaonane ndi sopo chiyambire kontirakiti, ndi usipa umene wina ankabisa pansi pa bedi kuopa odzazonda. Misozi inatsika yokha. Anzanga anayesa ndi chimwemwe, wina anandisisita pamsana.

"Kodi muno mwakhala mukununkha chonchi nthawi yonseyi?" ndinafunsa.

"Chonchi bwanji?" anatero wa ku Ntcheu, akuyanika masokosi pa ketulo.

Ndinasamuka tsiku lomwelo. Mayi aja ndi mboni, poti ndi amene anandigwirira chitseko, dzanja lina atatseka mphuno.